Barack Obama ku Springfield: zaka 8 za uphungu wa chigawo

Pa 8 Januwale 1997, mumzinda wa Springfield, likulu la chigawo cha Illinois ku America, loya wina wa zaka 35 adalumbira kukhala seneta wa chigawocho woimira dera la nambala 13, kumwera kwa mzinda wa Chicago. Dzina lake linali Barack Obama, ndipo kunja kwa deralo anali ochepa amene adalimvapo. Pampando umenewu adakhalapo mpaka Novembala 2004. Anthu akamakamba mbiri ya a Obama, zaka zimenezi amangozidumpha: achoka ku yunivesite ya Harvard, afika ku White House. Ine ndimaona kuti ndale adaziphunzira pa zaka zimenezi, ndipo lamulo labwino kwambiri limene adalilemba ndi manja awo lidachokera konkuno.

Tiyambe ndi mpandowo, chifukwa kwathu kulibe wofanana nawo. Dziko la America lili ndi zigawo 50, ndipo chigawo chilichonse chili ndi malamulo ake oyendetsera boma, bwanamkubwa wake wosankhidwa ndi anthu, makhoti ake ndi nyumba yake ya malamulo. Kupatula Nebraska, zigawo zonse zili ndi nyumba ziwiri. Ku Illinois nyumba imodzi ili ndi aphungu 118, pamene inayo, seneti, ili ndi maseneta 59. Kuno ku Malawi malamulo onse amachokera ku Nyumba ya Malamulo imodzi ku Lilongwe, makhonsolo n'kumangopanga timalamulo ting'onoting'ono ta m'maboma ndi m'mizinda. Amene ali ku South Africa amazidziwa nyumba za malamulo za m'zigawo 9 za dzikolo, komabe zimenezo mphamvu zake n'zochepa poyerekeza ndi za ku America. Ku America, milandu yambiri ya kupha, kuba ndi kuvulaza imazengedwa ndi malamulo a chigawo. Kayendetsedwe ka apolisi, ndalama za sukulu, ziphaso zoyendetsera galimoto, ukwati, ngakhalenso kukhala ndi chilango cha imfa kapena ayi pa milandu yotere, zonsezi amagamula ndi aphungu a chigawo. Munthu wamba wa ku Chicago amakhudzidwa kwambiri ndi zimene zachitika ku Springfield kusiyana ndi zambiri zimene zimakambidwa ku Washington.

Mbiri ya kumene a Obama adachokera ndi yodziwika. Adabadwira ku Honolulu, ku Hawaii, pa 4 Ogasiti 1961, bambo awo Mluo wa ku Kenya, mayi awo mzungu wobadwira ku Kansas. Ku Chicago sanali mbadwa. Adafikako mu 1985 kudzagwira ntchito yosonkhanitsa anthu a m'madera osauka kudzera m'mipingo, kuti azitha kukakamiza akuluakulu a mzinda kumva madandaulo awo. Pa nyumba za boma za Altgeld Gardens adathandiza okhalamo kufunsa za asbestos, chinthu choyambitsa matenda a m'mapapo chimene chinali m'nyumbazo. Atamaliza maphunziro a zamalamulo ku Harvard mu 1991 adabwerera ku Chicago, ndipo mu 1992 adatsogolera kalembera wa ovota amene adalowetsa m'kaundula anthu pafupifupi 150,000. Chaka chomwecho adayamba kuphunzitsa zamalamulo pa University of Chicago, ntchito imene sadaisiye nthawi yonse ya uphungu wawo.

Mmene adalowera pampandowo ndi nkhani imene owakonda sakonda kuikamba. Dera la nambala 13 linali m'manja mwa mayi Alice Palmer, amene mu 1995 adaganiza zopikisana nawo pa mpando wa m'nyumba ya malamulo ya dziko lonse ku Washington, n'kuwadalitsa a Obama kuti alowe m'malo mwawo. Mayiwa adagonja kwa Jesse Jackson Jr., ndipo adafuna kubwerera pampando wawo wakale. A Obama adakana kuwapatukira. Ku Illinois, kuti dzina lako lilowe pa pepala lovotera pa chisankho chachipulula, uyenera kubweretsa masiginecha a ovota olembetsedwa a m'deralo, ndipo pa mpando umenewu ankafunika 757. A Palmer adasonkhanitsa awo mothamanga. Anthu a Obama adapita ku ofesi ya zisankho n'kuyamba kuunika dzina ndi dzina: uyu sadalembetse, uyu amakhala kunja kwa dera, uyu siginecha yake siikufanana ndi ya m'kaundula. Masiginecha ovomerezeka adaperewera, a Palmer adachoka pampikisano, ndipo ena amene ankafuna mpandowo adagwa mwa njira yomweyo. Pa chisankho chachipulula cha mu Malichi 1996 a Obama adatsala okha, ndipo m'dera limene pafupifupi aliyense amavotera chipani cha Democratic, zinthu zinali zitatheratu pamenepo.

Palibe lamulo limene adaphwanya. Koma munthu amene zaka zochepa m'mbuyomo ankayenda khomo ndi khomo kulembetsa anthu kuti akavote, adalowa m'nyumba ya malamulo ovotawo asadapatsidwe mwayi wosankha pakati pa iye ndi mayi amene ankamudziwa kale. Zimenezi sindizichepetsa, ndipo andale achikuda ena a ku Chicago adazisunga kukhosi zaka zambiri.

Ku Springfield adapeza chipani chawo chili kumbali yotsutsa. Seneti inali m'manja mwa chipani cha Republican, motsogozedwa ndi James Philip, ndipo zidakhala choncho zaka 6 zoyambirira. Phungu wa mbali yochepa bilu yake imatha kufera m'komiti osawerengedwa n'komwe. Anzawo ena achikuda, monga Rickey Hendon ndi Donne Trotter, ankawatenga ngati mphunzitsi wa ku yunivesite wodzimva amene sakudziwa moyo wa m'makwalala. Chodabwitsa n'chakuti ubwenzi adaupeza kwa maseneta achizungu a m'matauni ang'onoang'ono ndi m'madera ozungulira Chicago, amene ankasewera nawo makadi madzulo ndi gofu masana. Wina anganene kuti kumeneko n'kutaya nthawi, koma m'nyumba ya anthu 59 momwe bilu imafuna mavoti 30 kuti idutse, kudziwana ndi munthu mmodzimmodzi ndiyo ntchitoyo.

Amene adawatsegulira khomo ndi Emil Jones, mtsogoleri wa maseneta a Democratic, mkulu wokulira m'ndale zakale za ku Chicago. Iyeyu ndiye adawatuma kukaimira chipani pa zokambirana za lamulo la khalidwe la andale. Pogwirizana ndi Kirk Dillard wa Republican, mu 1998 adadutsitsa lamulo loletsa aphungu kugwiritsa ntchito ndalama za kampeni pa zofuna zawo, ndiponso lochepetsa mphatso zimene ankalandira kwa anthu olembedwa ntchito yowanyengerera. Kuti mumvetse kukula kwake, dziwani kuti lisanabwere lamuloli, phungu wa ku Illinois ankatha kugula galimoto yake ndi ndalama zimene anthu adasonkha za kampeni, osalakwira lamulo lililonse.

Mu 2000 adapupuluma. Adafuna kulanda mpando wa ku Washington kwa Bobby Rush, amene kale anali mtsogoleri wa gulu lomenyera ufulu wa anthu achikuda la Black Panther ku Illinois ndipo anthu a kumwera kwa Chicago ankamuona ngati wawo weniweni. Kampeni ili mkati, mwana wamwamuna wa a Rush adaomberedwa n'kumwalira, ndipo chisoni cha dera lonse chidapita kwa bamboyo. Kumapeto kwa 1999 a Obama adaphonyanso voti yofunika ya lamulo la mfuti ali ku Hawaii, komwe mwana wawo wamkazi adadwala. Adagonja moipa: a Rush adapeza mavoti owirikiza kawiri. Adabwerera ku Springfield ali ndi ngongole ya kampeni, ndipo anzawo amachitira umboni kuti kuyambira pamenepo adayamba kumvetsera kwambiri kusiyana ndi kulankhula.

Mwayi udabwera m'njira yachilendo. Kalembera wa anthu wa mu 2000 atatha, malire a madera adayenera kudulidwanso, ndipo zipani ziwirizo zitalephera kugwirizana, malamulo a Illinois amati achite maere. Dzina lidatoledwa m'chipewa chopangidwa mofanizira cha Abraham Lincoln, pulezidenti wakale wa America, ndipo maerewo adagwera chipani cha Democratic. Iwo ndiwo adajambula mapu atsopano, adapambana seneti mu 2002, ndipo dera la a Obama lidatambasukira kumpoto m'mbali mwa nyanja ya Michigan mpaka kumadera a anthu olemera. Mu Januwale 2003 Emil Jones adakhala mtsogoleri wa seneti yonse, a Obama n'kukhala wapampando wa komiti ya zaumoyo ndi chisamaliro cha anthu.

Apa ndiye pali nkhani imene ndikufuna muimvetse bwino. Chigawo cha Illinois chinali pa manyazi aakulu. Kuchokera pamene chilango cha imfa chidabwezeretsedwa mu 1977, boma lidapha akaidi 12, koma ena 13 amene adagamulidwa kuti aphedwe adamasulidwa zitadziwika kuti adaweruzidwa molakwa. Bwanamkubwa George Ryan, wa Republican, adaimitsa kupha akaidi mu Januwale 2000, ndipo pochoka pampando mu Januwale 2003 adasintha chilango cha onse amene ankadikira imfa, anthu oposa 160. Gwero limodzi la vutoli linali m'zipinda zofunsira mafunso ku polisi. Mkulu wina wa apolisi a ku Chicago, Jon Burge, ndi anyamata ake ankazunza oganiziridwa, ambiri mwa iwo achikuda, powagwiritsa magetsi ndi kuwaphimba kumaso ndi pulasitiki mpaka avomere mlandu. Burge adachotsedwa ntchito mu 1993, koma anthu amene adavomera milandu m'manja mwake adatsala m'ndende.

Aliyense amene adakhalapo m'khoti amadziwa kulemera kwa pepala limene woimbidwa mlandu adasainira kuti ndalakwa ndine. Iye akaima n'kunena kuti adandimenya, wapolisi amaima n'kunena kuti adalankhula mwa kufuna kwake. M'chipindamo munali anthu awiri kapena atatu okha, ndipo khoti limakonda kukhulupirira wovala yunifolomu. Bilu ya a Obama inkafuna kuti pa milandu ya kupha, kufunsa konse kwa ku polisi kuzijambulidwa, kuyambira funso loyamba mpaka lomaliza. Mfundo yakuti konse ndiyo mtima wa lamuloli. Kujambula mphindi zochepa zomaliza, munthu atatheratu mphamvu n'kumangobwereza zimene wauzidwa, kumangokongoletsa nkhanza zimene zachitika usiku wonse kamera isadayatsidwe.

Poyamba pafupifupi aliyense adaikana: mabungwe a apolisi, oimira boma pa milandu, maseneta oopa kuoneka ofewa pa zigawenga, ngakhale bwanamkubwa watsopano Rod Blagojevich wa chipani chawo chomwe. A Obama sadathamangire kumanyuzipepala kukanyoza apolisi. Adawaitanira pa tebulo mobwerezabwereza n'kumafunsa kuti chikukuvutani n'chiyani kwenikweni. Nanga makina akafa pakati pa kufunsa? Nanga woganiziridwayo akakana yekha kujambulidwa? Nanga polisi ya m'tauni yaing'ono yopanda ndalama za kamera? Pa zoterezi adalolera: adaika zifukwa zomveka zimene khoti lingalandirire mawu osajambulidwa, adalola kujambula mawu okha m'malo mwa kanema, ndipo adapereka zaka ziwiri zokonzekera. Koma pa mfundo yojambula kufunsa konse sadasunthe. Adawaonetsanso apolisiwo phindu lawo: tepi imateteza wapolisi woona mtima kwa womunamizira, ndipo munthu wolakwadi akavomera pa kanema, loya wake alibe pogwira.

Dzino la lamuloli lili pa umboni. Silinena kuti wapolisi wosajambula amangidwe. Limanena kuti mawu amene woganiziridwa mlandu wa kupha adalankhula ali m'manja mwa apolisi osajambulidwa, khoti liyambe ndi kuwakana, ndipo boma ndilo lisenze udindo wotsimikiza kuti ndi odalirika. Wapolisi wofuna kuti mlandu wake upambane amayatsa yekha kamera, popanda womuyang'anira. Biluyo idadutsa mu seneti popanda wotsutsa, a Blagojevich adaisainira mu 2003, ndipo Illinois idakhala chigawo choyamba kulamula zimenezi kudzera m'nyumba ya malamulo. Ku Alaska ndi ku Minnesota zidalipo kale, koma kumeneko adalamula ndi makhoti.

Chaka chomwecho adadutsitsanso lamulo lakuti wapolisi akaimitsa galimoto azilemba mtundu wa woyendetsayo, kuti ziwerengero zionetse ngati achikuda akuimitsidwa mopyola muyeso. Nkhani imeneyi Rickey Hendon adailimbikira kwa zaka, ndipo adawawidwa mtima kuona a Jones akuipereka kwa a Obama pamene idapsa. Kudandaula kwake kunali ndi maziko: a Jones adali atatsimikiza zomupangira mnyamata wawo mbiri yoti akapikisanire mpando wa seneti ya dziko lonse.

Palinso chimene adani awo adadzawadzudzula nacho pambuyo pake. Ku Illinois phungu ali ndi mabatani atatu: wobiriwira wovomera, wofiira wokana, ndi wachikasu wongosonyeza kuti alipo. Popeza bilu imafuna mavoti 30 ovomera, batani lachikasu limagwetsa bilu chimodzimodzi ndi lofiira, kungoti dzina lako silioneka pa mndandanda wa okana. A Obama adalidina pafupifupi ka 130 pa mavoti masauzande angapo. Kwina inali njira yogwirizana ndi anzawo a chipani, kwina ankatsutsa kalembedwe ka biluyo, koma kwina n'zovuta kukana kuti ankadziteteza pa nkhani zotentha.

Mu Malichi 2004 adapambana chisankho chachipulula cha seneti ya dziko lonse, mu Julayi adalankhula pa msonkhano waukulu wa chipani ku Boston, ndipo mu Novembala adagonjetsa Alan Keyes ndi mavoti 70 pa 100 alionse n'kutula pansi udindo wa ku Springfield. Mpando wa dera la nambala 13 adautenga Kwame Raoul, mwana wa makolo ochokera ku Haiti. Iyeyu ndiye adatsogolera mu seneti bilu yothetseratu chilango cha imfa ku Illinois, imene bwanamkubwa Pat Quinn adaisainira mu 2011, ndipo mu 2013 nyumba ya malamulo idawonjezera lamulo lojambula lija kuti likhudzenso milandu ina ikuluikulu ya chiwawa.