Mtima uli bwinobwino, koma munthuyo akudwala

Usiku wina kuchipatala kwathu kunabwera mayi wa zaka za m'ma 30 atagwira pachifuwa, thukuta lili kamukamu, akunena kuti akufa. Mtima unkagunda ngati ufuna kuboola nthiti, zala zitachita dzanzi. Tinawapima ndi makina a ECG, oona mmene mtima ukugundira, tinayeza magazi, osapeza kanthu. Patatha theka la ola anali atakhala phee, akuchita manyazi. Anandiuza kuti aka kanali kachinayi mwezi umenewo, ndipo kulikonse kumene anapita ankangouzidwa kuti, "Mulibe vuto, pitani kunyumba." Mawu amenewa ndimadana nawo kwambiri pantchito yathu. Mtima wawo unalidi bwino, koma iwowo ankadwala matenda a nkhawa.

Nkhawa payokha si matenda. Mkati mwa ubongo muli kachigawo kakang'ono kotchedwa amygdala, komwe ndi mlonda wa thupi. Mlondayu akaona choopsa amakuwa, thupi n'kutulutsa timadzi totchedwa adrenaline, mtima n'kuthamanga kuti magazi afike m'miyendo ndi m'manja, munthu athawe kapena alimbane. Matenda amayamba mlonda akamakuwa popanda wakuba, usana ndi usiku, mpaka munthu kulephera kugona, kugwira ntchito kapena kucheza ndi anzake.

Mantha adzidzidzi ngati a mayi aja amafika pachimake m'mphindi zochepa, kawirikawiri zosapitirira 10. Munthu akamapuma mothamanga amataya mpweya wambiri wa carbon dioxide, ndipo n'chifukwa chake milomo ndi zala zimachita dzanzi, mutu n'kumazungulira. Iye akamva dzanzilo amati basi sitiroko yandigwira, mantha n'kuwonjezeka, kupuma n'kuthamangiratu. Ena nkhawa yawo ndi yosaphulika chotere, imangonyeka ngati chitsa: amaganiza kwambiri za ana, ntchito, thanzi, ichi chikatha chija, khosi ndi mapewa zili gwa. Enanso amaopa maso a anthu, moti kulankhula pagulu kumawadwalitsa kudakali sabata yathunthu.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti m'chaka cha 2019 anthu 301 miliyoni padziko lonse anali ndi matendawa, ndipo 58 miliyoni mwa iwo anali ana ndi achinyamata. Amayi odwala matendawa ndi ambiri kuposa abambo. Wolandira chithandizo ndi mmodzi yekha mwa anayi.

Palibe magazi amene tingayeze n'kunena kuti nayi nkhawa. Timayeza kuti titsimikize kuti si matenda ena amene amavala nkhope yomweyo: chithokomiro chogwira ntchito mopitirira, kuchepa kwa magazi, kutsika kwa shuga, kapena mtima wogunda mosalongosoka. Timafunsanso za khofi, mowa ndi mankhwala ena, ngakhale opopera a mphumu, poti nawonso amanjenjemeretsa. Zikatero chotsala ndi kukhala pansi n'kumvetsera. Pali mafunso 7 otchedwa GAD-7, amene anatuluka mu 2006. Munthu akapeza mapointi 10 kapena kuposa pa 21, timafufuza mozama. Koma pepalalo silidziwa kuti nkhawayo inayamba liti. Kuti tinene kuti ndi nkhawa yosatha ija, iyenera kukhala itamuvutitsa munthu masiku ambiri kwa miyezi 6. Timafunsanso mosabisa mawu ngati akumva kukhumudwa kwambiri kapena akuganiza zodzipha, chifukwa matendawa amakonda kuyendera limodzi.

Chimene chimadyetsa nkhawa ndi kuthawa. Mayi aja anali atasiya kukwera basi, chifukwa mantha oyamba anawagwirira m'basi. Tsiku lililonse limene anazemba, mtima unkakhala pansi kwa kanthawi, ndipo ubongo unkaphunzira bodza lakuti apulumuka chifukwa sanakwere. Chithandizo cha kukambirana chotchedwa CBT, chimene Aaron Beck anachiyambitsa m'zaka za m'ma 1960, chimalimbana ndi bodza limeneli. Wodwala amaphunzira kuunika maganizo ake oopsa, kenako amayandikira chimene amachiopa pang'onopang'ono. Ife tinayamba ndi kungoima pamalo okwerera, sabata yotsatira kukwera n'kutsika pamalo oyamba, ndipo nthawi ina ndinawapempha kuti apume mothamanga dala m'chipinda changa kuti aone okha dzanzi likubwera n'kutha popanda kufa. Anandiyang'ana ngati ndapenga, koma anachita.

Mankhwala nawo amathandiza. Amene timayamba nawo ndi a gulu la SSRI, monga sertraline ndi fluoxetine. Safulumira: pamatenga masabata 4 mpaka 6 kuti munthu aone kusintha, ndipo masiku oyambirira nkhawa imatha kukwera kaye. Ambiri amasiyira pamenepa chifukwa sitinawachenjeze, ndipo mlandu ndi wathu. Akayamba kupeza bwino apitirize kwa miyezi 6 mpaka 12, ndipo posiya achepetse pang'onopang'ono motsogoleredwa ndi dokotala. Diazepam amaziziritsa mtima msanga, n'chifukwa chake anthu amamukonda, koma thupi limamuzolowera m'masabata ochepa, ndiye sitimupereka kwa nthawi yaitali.

Mayi aja anabweranso patatha miyezi itatu, atakwera basi okha. Anati mantha anawagwira kamodzi panjira, anawerenga mphindi pa wotchi yawo, zinakwana 7, ndipo sanatsike.