Jump starter si batire la kalavani

Anthu okoka kalavani kukagona kunyanja kapena kunkhalango amakonda kundifunsa ngati angaleke kugula batire lapadera n'kumadalira jump starter, kabokosi kaja kolizira galimoto batire likafooka. Chimawakopa ndi manambala apakatoni: 1000A, 2000A, 20,000mAh. Ine ntchito yanga ndi zamagetsi a galimoto, ndipo ndimawauza kuti kabokosika kamathandiza pa tinthu ting'onoting'ono basi.

Ma 2000A aja ndi mphamvu ya masekondi ochepa, yongokwana kutembenuza injini. Sakunena za kuchuluka kwa moto umene kasunga. Nawo 20,000mAh amawerengera pa 3.7V ya timabatire ta lithium tam'kati, osati pa 12V imene zipangizo za m'kalavani zimafuna. Mukachulukitsa 20,000mAh (ndiye kuti 20Ah) ndi 3.7V mupeza 74Wh; Wh ndiwo muyezo wa kuchuluka kwa moto wosungidwa. Batire la deep cycle (lopangidwira kupereka moto pang'onopang'ono kwa maola ambiri) la 100Ah limasunga pafupifupi 1,200Wh, ndipo ngakhale mutangogwiritsa theka lake, monga timalangizira pa mabatire a asidi, mudakali ndi 600Wh, moto wa kabokosi kaja kuchulukitsa kasanu ndi katatu.

Ndiye 74Wh ingachite chiyani? Nyale ya LED ya 5W iyaka maola opitirira 10. Foni mutchaja kanayi kapena kasanu. Firiji ndiye nkhani ina. Ikamazungulira imakoka 40W kapena 50W, ndipo kumalo otentha ngati Liwonde kapena Cape Maclear mu Okutobala simapuma kwenikweni. Mukailumikiza madzulo, pakati pausiku pasanafike kabokosi kathima, chambo chimene munagula kwa asodzi chiyamba kufewa.

Palinso vuto la mapanilo, tija tofiira ndi takuda togwira mitu ya batire. Pa ma jump starter ambiri a lithium sapereka moto mpaka atazindikira kuti agwira batire, ndipo amadula okha pakangopita kanthawi. Ena amadina batani la boost kuti awakakamize. Ichi ndimaletsa ndithu, chifukwa batanilo limachotsa chitetezo. Waya wofiira akangokhudza chitsulo cha kalavani, moto wonse uja udutsa nthawi imodzi, pulasitiki ya waya n'kusungunuka muli mtulo. Ngati kabokosi kanu kali ndi bowo la 12V, lumikizani pamenepo, werengani malire ake (kawirikawiri ndi 10A kapena 15A), ndipo ikani fyuzi pa waya wofiira pafupi ndi kabokosiko.

Ma jump starter akale olemera aja, okhala ndi batire la asidi la 18Ah kapena 22Ah, amapirirako pang'ono, koma kuwakhetsa mpaka pansi mobwerezabwereza kumawapha msanga.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti mwatha moto wa chipangizo chimene chimayenera kukupulumutsani. Ku Nyika m'mawa wa mu Juni kumazizira zedi, batire la galimoto limafooka, lithium nayonso imachepa mphamvu ikazizidwa, ndipo galimoto ina ikhoza kutenga maola isanadutse. Choncho kabokosika kazikhala kodzadza, kosungidwa pamthunzi osati padashibodi. Kalavani igulireni batire lakelake, la deep cycle kapena LiFePO4 (mtundu wa batire la lithium), ndi sola ya 100W yolitchaja masana. Ngati kalavaniyo ili ndi mabuleki amagetsi omanga okha ikaduka pagalimoto, batire limenelo ndi lofunika ngakhale musanafike pomanga msasa.