Ovina pa ayezi saponyana m'mwamba

Ambiri akaona mwamuna ndi mkazi akutsetsereka pa ayezi pa wailesi yakanema, amangoti ndi masewera amodzimodzi, aja oti mwamuna aponye mkazi m'mwamba kapena onse adumphe n'kuzungulira katatu. Ayi ndithu. Zimenezo ndi za gulu la pairs. Mu ice dance (kuvina pa ayezi), yomwe inalowa m'mpikisano wa Olimpiki mu 1976, malamulo amaletsa kuponyana komanso kudumpha kozungulira kangapo. Oweruza amayang'ana mapazi: mmene mpeni wa kunsi kwa nsapato ukudulira ayezi, ngati awiriwo akuyenda ndi nyimbo, ndiponso ngati akukhala moyandikana.

Taonani Jayne Torvill ndi Christopher Dean a ku Nottingham, ku England. Torvill anali kalaliki pa kampani ya inshuwalansi, Dean anali wapolisi. Anakhala akatswiri a dziko lonse zaka zinayi zotsatizana kuyambira 1981, ndipo ku Olimpiki ya ku Sarajevo mu 1984 anavina nyimbo ya Boléro yopekedwa ndi Ravel, oweruza onse 9 n'kuwapatsa 6.0, malikisi apamwamba kwambiri pa nthawiyo, pa kukongola kwa kavinidwe. Kwa ine, kuti anthu awiri ayende ngati thupi limodzi chonchija n'kovuta kuposa kudumpha. Atabwerera ku Olimpiki ya ku Lillehammer mu 1994, anakhala pa nambala 3.