Zotsala pansalu mukasefa mkaka wa soya si za nkhuku

Mayi ena a ku Chinamwali, omwe amadwala shuga, adandionetsa mmene amapangira mkaka wa soya: kuviika usiku wonse, kusinja mumtondo, kuwiritsa, kenako kufinya pansalu. Zotsala pansalupo adangokhuthulira nkhuku. Ndidati, "Amayi, nkhukuzi zakudyerani gawo lanu."

M'zotsalazo ndi mmene muli faiba wambiri. Faiba ndi mbali ya mbewu yomwe mimba yathu siitha kugaya, monga gaga amene timamuchotsa pokonola chimanga. Magalamu 100 a soya wouma amakhala ndi faiba pafupifupi magalamu 9, pomwe bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azidya osachepera magalamu 25 patsiku.

Nsima ya ufa woyera ikafika m'matumbo imasanduka shuga mwachangu, shugayo n'kukhamukira m'magazi nthawi imodzi. Faiba akakhalapo zimasintha. Amamwa madzi n'kufufuma, chakudya chimachedwa kuchoka m'mimba, ndipo timadzi togaya timafika pa ufawo movutikira. Shuga amalowabe, koma mwa apo ndi apo. Choncho mukamva kuti soya "amamanga shuga", musaganize kuti amamuchotsa m'thupi ayi. Amangomuchedwetsa, ndipo kwa wodwala shuga kuchedwako n'kofunika.

Palinso nkhani ya ndulu. Chiwindi chimapanga ndulu kuchokera ku mafuta aja otchedwa kolesitolo, ndipo ndulu yambiri ikamaliza ntchito m'matumbo imabwerera ku chiwindi. Faiba amakolako ina n'kutuluka nayo m'chimbudzi, ndiye chiwindi chimatapa kolesitolo wa m'magazi kuti chipange yatsopano. Chimbudzinso chimakhala chofewa, sichikhalitsa, moti zoipa zili mmenemo sizipeza nthawi yaitali yokhudzana ndi khoma la thumbo.

Apa pokha ndimatsutsana ndi otsatsa malonda omwe amati faiba amachotsa poizoni m'thupi: faiba sachotsa poizoni wa chuku. Soya kapena chimanga chikachita nkhungu, tayani. Ndipo mankhwala omwe mumalandira ku chipatala musasiye chifukwa mwayamba phala la soya.

Pogula soya ku Songani kapena mumsika waukulu wa Zomba, sankhani wouma bwino. Mukazingeni kapena kumuwiritsa mpaka apse, chifukwa soya wosapsa amasokoneza kagayidwe ka chakudya. Yambani ndi pang'ono, apo ayi mpweya ukusowetsani mtendere mu minibasi, ndipo muzimwa madzi okwanira. Zotsala pansalu zija zimasasa msanga kukatentha. Ziphikeni tsiku lomwelo m'phala la mgaiwa kapena m'chigumu, zina muyanike padzuwa.