Musalowetse nyumba yonse mu pulogalamu yojambulira makina

Ojambula nyumba pakompyuta ndi ife ojambula makina tonse timagwira ntchito ndi zithunzi za 3D, moti anthu ambiri amaganiza kuti fayilo ya mmodzi ingotseguka kwa mnzake ngati chithunzi cha pafoni. Sizikhala choncho. Pantchito yanga ya uinjiniya wa makina, dandaulo limene ndimamva kawirikawiri ndi lakuti: "Atitumizira fayilo ya nyumba, koma ikukana kutseguka, ndipo ikatseguka kompyuta ikuuma."

Gwero lake ndi kusiyana kwa zimene mapulogalamuwa amasamala. M'mapulogalamu ojambulira nyumba monga Revit kapena ArchiCAD, khoma limadziwika kuti ndi khoma, lili pansanjika yachiwiri, ndi la konkire, ndipo lingapirire moto kwa nthawi yakutiyakuti. Kajambulidwe kosunga zonsezi ndi kamene amakatcha BIM. Koma SolidWorks, Inventor kapena Creo, zomwe ife timajambulira makina, zilibe nazo ntchito nsanjika. Izo zimafuna kudziwa kukula kwa bowo, pamene lili, ndiponso ngati bawuti ilowa, mpaka kachigawo ka milimita. Chimene chimalumikiza mbali ziwirizi nthawi zambiri ndi fayilo ya IFC, yomwe imayang'aniridwa ndi bungwe la buildingSMART. Mtundu wake wa IFC4 unavomerezedwa ngati muyezo wa padziko lonse wotchedwa ISO 16739 mu 2013, ngakhale kuti ambiri akugwiritsabe ntchito wakale uja wa IFC2x3.

Ndiye tinene kuti mwapatsidwa ntchito yoika pampu m'chipinda cha makina chapansi. Chimene mukufuna ndi chipindacho, khomo limene pampuyo idzalowere, nsanamira, ndi mapaipi amene mudzalumikizeko. Koma fayilo imene yabwera yanyamula nsanjika zonse, mipando, zogwirira zitseko, ngakhale zitsulo za m'kati mwa konkire. Pulogalamu ya makina imayesetsa kusandutsa chilichonse kukhala chinthu chachokha chokhala ndi mbali zake, ndipo apa ndi pamene kompyuta imagwa ulesi. Ine sindilandiranso fayilo yotere. Ndimabwerera kwa wotumiza n'kumupempha kuti adule chigawo chokhacho chimene ndikufuna, abise zina zonse, kenako atulutse. Kwa iye ndi ntchito yaing'ono, kwa ine imandipulumutsira tsiku.

Pali vuto lina lobisika, ndipo ili ndi limene limapweteka kwambiri. Fayilo ya IFC4 ikatulutsidwa mwa njira ya Reference View, imodzi mwa njira zimene wotumiza amasankhapo potulutsa fayilo, malo ambiri opindika amasanduka timakona atatu tambirimbiri tolumikizana. Paipi imaoneka yobulungira bwinobwino pasikirini, koma mukaikulitsa mumaona kuti ili ndi mbali zambiri zosalala ngati pensulo. Mukafuna kulumikiza pakamwa pa pampu yanu ndi pakati penipeni pa paipiyo, pulogalamu siipeza pakatipo, chifukwa kwa iyo palibe chobulungira chilichonse. Pemphani kuti atulutse mwa Design Transfer View, kapena Coordination View ya IFC2x3, chifukwa njira zimenezi zimasunga zinthu zambiri m'maonekedwe ake enieni. Zikakanikabe, musataye nthawi n'kukonza timakonato. Funsani kukula kwa paipi ndi pamene pali pakati pake, mujambule yanu yatsopano pamalo omwewo.

Yang'ananinso pamene fayilo ikuyambira kuwerenga mtunda. Ojambula nyumba nthawi zina amaika nyumba pamalo ake enieni pamapu, ndipo manambala ake amafika mamita masauzande mazanamazana. SolidWorks imajambula chinthu m'malo osapitirira mamita 500 mbali iliyonse kuchokera pakati. Nyumba yoikidwa kutali choncho ikhoza kukana kulowa, kapena kulowa yophwanyikaphwanyika. Gwirizanani ndi wotumiza poyambira pamodzi, monga pangodya ya nsanamira inayake, ndipo mulembe. Za miyezo n'zosavuta: mukangotsegula, yezani chitseko chimodzi. Chikakula kapena kuchepa maulendo 25.4, ndiye kuti mainchi ndi mamilimita asokonekera.

Dziwaninso kuti zambiri zimene BIM imanyadira, monga mtundu wa zipangizo ndi kupirira moto, zikhoza kutayika panjira kapena kufika ngati zolemba chabe. Zimenezi sizindidetsa nkhawa kwenikweni. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi munthu amene amasuntha khoma la m'fayilo kuti makina ake akwane. Nyumbayo si yanu. Ikhomeni isasunthe, ikhale yongoyang'anirapo. Amene ali ndi Inventor ali ndi mwayi woti akhoza kulumikiza fayilo ya Revit mwachindunji, kotero kuti pulani ikasintha amangotenga zosinthazo osayambiranso.

Komabe fayilo imasonyeza zimene anafuna kumanga, osati zimene anamangadi. Nthawi ina ndinajambula chimango cha makina chimene pakompyuta chinkadutsa pansi pa mtanda wa konkire popanda vuto. Titafika nacho pamalopo, tinapeza mtandawo uli m'munsi kuposa pamene fayilo inkasonyeza, ndipo tinachita kudula miyendo ya chimangocho n'kuwotchereranso pomwepo. Kuyambira pamenepo, ndisanatumize zojambula kwa odula zitsulo, ndimapita ndi tepi kukayeza khomo, mtanda wotsikitsitsa ndi pakamwa pa paipi iliyonse imene ndidzalumikizeko.