Deschamps sanangopatsidwa timu ya France chifukwa cha dzina

Anthu ambiri okonda mpira amanenabe kuti Didier Deschamps anapatsidwa ntchito yophunzitsa timu ya France mu 2012 chifukwa choti anali kaputeni pomwe dzikolo linatenga chikho cha dziko lonse mu 1998, ndipo akuti chikho cha 2018 anamupatsa ndi anyamata aluso. Mbiri yake ikutsutsa zimenezi.

Asanafike ku timu ya dziko, anali atagwira kale ntchito yauphunzitsi kwa zaka zambiri. Anafikitsa Monaco mu fainolo ya Champions League mu 2004, ngakhale Porto inawagonjetsa 3-0. Mu 2006 anatenga Juventus itatsitsidwa ku Serie B, ligi yachiwiri ya ku Italy, n'kuibwezera ku ligi yaikulu ya Serie A m'chaka chimodzi. Mu 2010 anapatsa Marseille chikho cha ligi, chomwe timuyi inali isanatengeko kuyambira 1992.

Nanga za osewera aluso? Luso lokha silisanja timu. Mu 2018 anaika Blaise Matuidi, wosewera wapakati, kumanzere kuti azitseka mpata, pomwe Kanté ndi Pogba ankalamulira pakati. Izi zinamasula Mbappé kumanja kuti azithamanga osadera nkhawa zobwerera. Olivier Giroud sanagoletse ngakhale chigoli chimodzi m'mpikisano wonsewo, koma Deschamps sanamuchotse, chifukwa ankagwira mpira kutsogolo ndi kukoka oteteza, Griezmann n'kupeza malo. Ambiri ankadandaula kuti mpirawo sukusangalatsa, komabe France inagonjetsa Croatia 4-2 mu fainolo.

Mu 2022, Kanté, Pogba ndi Benzema atavulala, anabweza Griezmann pakati ndipo anafikanso mu fainolo ya chikho cha dziko lonse.