Kuloweza mavesi si kuwerenga ayi

Mwezi wa Seputembala ukangofika, salephera kubwera kholo mu ofesi mwanga litagwira mwana padzanja, n'kunena mawu amene ndawamva mpaka makutu kuwawa: "Aphunzitsi, ndamubweretsa kuno poti ndi sukulu ya mpingo. Chaka chino akulowa Sitandade 8, mumukonze asankhidwe." Kumukonza! Ngati njinga ya kabaza yoduka tcheni. Ndaphunzitsa makalasi akuluakulu pasukulu yachikhristu muno mu Lilongwe zaka zoposa 15, ndiye ndinene mosapsatira: nsima imene mwana amapakula pa mayeso a Sitandade 8 inayamba kuphikidwa mu Sitandade 5. Ikakhala yambwewe kuyambira pamenepo, miyezi ingapo yomalizira siingaipsetse.

Ambiri mumaganiza kuti sukulu yachikhristu ili ndi silabasi yakeyake. Zilipodi zina mumzinda muno zotsata ya kunja, monga ya Cambridge, koma za izo sindikunena. Ife amene ana athu amalemba mayeso a MANEB, bungwe loyendetsa mayeso m'dziko muno, timatsata silabasi yochokera ku Malawi Institute of Education ku Domasi, yomweyo imene akutsata anzathu a sukulu za boma ku Kawale kapena ku Chinsapo. Mapepala ndi omwewo: Chingerezi, Chichewa, Masamu, Sayansi, Social pamodzi ndi zachipembedzo, ndi Arts and Life Skills. Wochonga amaona nambala ya mwana ndi mayankho ake basi. Sadziwa n'komwe kuti pepala ili lachokera kwa mwana woyimba kwaya. Mapemphero a m'mawa, mavesi oloweza, mwambo, zonsezo timazichita ndipo ndimazikonda, Lachisanu ndimatsogolera ndekha. Koma n'zowonjezera pamwamba pa ntchito, sizilowa m'malo mwake.

Nanga bwanji Sitandade 5? M'sukulu zambiri, makamaka za boma, mwana amamva maphunziro m'Chichewa mpaka Sitandade 4. Akangolowa 5 mabuku onse amasanduka a Chingerezi, kupatula la Chichewa lokha, ndipo ndi mmene mayeso adzakhalirenso. Ngakhale kusukulu zimene amayamba Chingerezi ku mkaka, vuto silichoka, limangobisala. Kumunsi kuja mphunzitsi amamugwira mwana dzanja, chilembo ndi chilembo. Kuno kumtunda palibenso womuphunzitsa kugwirizanitsa zilembo. Buku la Sayansi limangomudikira kuti atole yekha zimene zili m'menemo. Ndili ndi ana amene mukawalembera nambala pa bolodi amachotsera bwinobwino, koma samu yomweyo ikabwera m'mawu, yonena za munthu wogula matumba a chimanga n'kugulitsa, apeze ngati wapindula kapena waluza, amangoluma cholembera. Makolo n'kumati mwanayu Masamu amamuvuta. Si Masamu. Funsolo sakulimva.

Pali mtsikana mmodzi amene mpaka lero sandichoka m'mutu. Anabwera kwa ife mu Sitandade 7, mayi ake ogulitsa kaunjika. Sabata yoyamba yomwe anaima pa asembule n'kulakatula Salimo 23 yonse m'Chingerezi, osaphonya liwu, kenako 1 Akorinto 13. Aphunzitsi tinawomba m'manja, ine patsogolo. Makope ake anali oyera, notsi zonse zokopera bwino. Pa mayeso ankakhala chapakatikati, poti pa mafunso osankha yankho munthu atha kukolola ndithu mongoganizira. Teremu yathunthu inandidutsa ndisanaone kanthu, ndipo chimenechi ndi changa, sindingachikankhire kwa wina.

Tsiku lina mu Febuluwale kunagwa mvula yamphamvu nthawi yoweruka. Anzake anathamanga, iye anatsala m'kalasi kudikira kuti ikate. Pofuna kungotaya nthawi ndinatsegula Baibulo la Chingerezi pa buku la Rute n'kumupatsira. "Tandiwerengera apa, mwanawe." Anaika chala pa liwu loyamba. Anandiyang'ana kumaso, n'kuyang'ananso pa tsamba. Kenako anayamba, ndi mawu okoma omwe aja, chala chikuyenda mzere ndi mzere pa nkhani ya Rute, koma pakamwa pakutuluka Salimo 23.

Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Mwanayu anali ndi khutu lakuthwa zedi, chilichonse akamva kawiri wachigwira, ndipo khutu limenelo ndi lomwe linamuwolotsa makalasi 6 popanda womutulukira. Notsi ankakopera ngati wojambula chithunzi, chilembo chimodzichimodzi. Sukulu zachikhristu tili pa ngozi imeneyi kuposa ena, chifukwa timalemekeza kwambiri mwana woloweza. Timamupatsa mphatso, timamuimika kutsogolo Lamulungu, ndiye angaganize ndani kuti sadziwa kuwerenga? Chonsecho amishoni amene anafika ku Mvera mu 1889, kenako ku Nkhoma, ankatsegula sukulu m'midzi ndi cholinga choti munthu adziwerengere yekha Mawu m'chinenero chake. Ndipo pa Machitidwe 8, Filipo atapeza mdindo wa ku Itiyopiya ali ndi buku la Yesaya m'manja, sanamufunse kuti waloweza mavesi angati. Anamufunsa ngati akumva zimene akuwerengazo.

Ndinawaitanitsa mayi aja. Ndinawauza kuti mwanayu asathamangire Sitandade 8, abwereze, ndipo madzulo aliwonse ndizikhala naye theka la ola kuyambira pa mabuku a Chichewa a makalasi ang'onoang'ono, popanda kulipira. Mwana wa khutu lotere akanagwira msanga. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato. "Aphunzitsi, mwana wanga amayankhula Chingerezi kutchalitchi anthu n'kuimirira, inu mukuti sadziwa kuwerenga? Kapena mukungofuna fizi ya chaka china?" Sindinawakwiyire. Fizi imawawa, makamaka kwa munthu wodalira kuti belo la kaunjika lituluke bwino. Komanso manyazi a kubwereza kalasi amagwira kholo kuposa mwana.

Zimene zinatsatira ndi zomwe zandilembetsa nkhaniyi. Anamupititsa kwa bambo wina wa patitaimu amene amasonkhanitsa ana m'chipinda chimodzi, a Sitandade 4 ndi a 8 pamphasa imodzi, kuwaloweza mayankho a mapepala akale. Taonani, mwana wodwala kuloweza akukamupatsa mankhwala a kuloweza komweko. Sindikunyoza patitaimu yense, alipo aphunzitsi okhulupirika. Koma musanapereke ndalama funsani kuti, "Mwaona kuti mwana wanga akulephera pati?" Woyankha kuti ingomusiyani kuno akhoza, asanamve n'komwe mwanayo akuwerenga, ameneyo akufuna za m'thumba mwanu.

Mayeso atayandikira kunabwera za likasa, mapepala ogulitsidwa pa WhatsApp amene amati ndi enieni. Amene ndinawaonapo ine anali mafunso akale ongosintha chaka pamwamba. Ngakhale atakhala enieni, kubera mayeso ndi mlandu, ndipo wopezeka nawo m'chipinda cha mayeso ndi mwana wa zaka 13, si wogulitsa uja ayi. Kholo lomwelo limene linasankha sukulu ya mpingo kuti mwana akule woopa Mulungu n'kumamutumizira likasa pafoni! Pomaliza mayi aja anakamugulira mtsikanayo cholembera chodzozedwa kwa mneneri wina. Ine ndimapemphera ndi ana anga m'mawa wa mayeso chaka chilichonse, ndipo sindidzaleka. Koma cholembera chimatulutsa zimene zili m'mutu mwa wochigwira, ndipo mneneri wogulitsayo ana ake amawalipirira sukulu yabwino ndi ndalama zanu zomwezo.

Enanso mumachita zosiyana koma zopweteka mofanana: mwana akakhala nambala wani mu Sitandade 6 mumafuna adumphe 7. Mayeso aja amatola kuyambira mu 5 mpaka mu 8, ndiye chaka chodumphacho mafunso ake akabwera ayankha ndani? Malo ku sekondale monga Lilongwe Girls, Likuni kapena Bwaila ndi ochepa, opikisana nawo ndi ochuluka, ndipo mamalikisi ochepa chabe amasiyanitsa wosankhidwa ndi wotsala.

Ngati muli ndi mwana wa Sitandade 4, 5 kapena 6, musadikire lipoti la teremu. Madzulo ano mutengereni chinthu chimene sanachionepo, nyuzipepala kapena tsamba la m'buku lake limene sanafikepo. Awerenge ndime imodzi mokweza, mutseke, akufotokozereni m'Chichewa zimene wamva. Inu kusadziwa Chingerezi si vuto, mudzaona nokha ngati akufotokoza nkhani kapena akungozungulira. Muyeseninso ndi ndime ya Chichewa. Akakakamira pa zonse ziwiri, mawa lomwe pitani kwa mphunzitsi wake, ndipo ngati amatsinzinira poyang'ana patali kapena amakonda kufunsa kuti "mwati?", mukamuyezetse maso ndi makutu kuchipatala. Mu Sitandade 5 zimenezi zimatheka m'miyezi. Mu 8 nthawi imakhala itatha, mphunzitsi akuthamangitsana ndi silabasi ndi mayeso oyeserera.

Zotsatira zitatuluka dzina la mtsikana uja silinali pa mndandanda wa osankhidwa. Chaka chatha ndinakumana naye pafupi ndi depoti, akuthandiza mayi ake kupinda zovala, wakula ndithu. Anandipatsa moni mwaulemu, atagwira mkono. Kasitomala wina anamupatsa malaya kuti amuwerengere zolembedwa pa kolala, iye anaseka n'kuwapatsira mng'ono wake.